Aphunzitsi, za matenti a masikauti ku Joni ndikuyankheni

Aphunzitsi uthenga wanu ndauona. Mwati akupatsani gulu la masikauti pasukulu panupo, ana alipo ambiri koma yunifolomu alibe, masikafu alibe, tenti olo imodzi, nde mwamva kuti ine ndimayenda ku Joni komanso ndimayang'anira masikauti kwathu kuno, mukufuna ndikuuzeni mmene geni yake imayendera kuti holide ikubwerayi makolo asonkhe, inu mukwere basi mukaode nokha, mupezepo kangachepe ka sopo. Mawu omalizawo ndi amene andiseketsa mpaka mdzukulu wanga wandifunsa kuti agogo mwatani. Ka sopo eti. Pa masikauti?

Ine msewu umenewu ndauyenda zaka zoposa 20. Ndinayamba ndi mabulangete ndi mapoto, mwana wanga wachitatu ali kumsana, ndawoloka mlatho wa pa Tete kambirimbiri moti ndikatsinzina ndimadziwa kuti apa tafika pa Nyamapanda, apa ndi Harare, apa tayandikira Beitbridge, pongomva mmene basi ikulirira. Ana onse ndaphunzitsa ndi geni yomweyi, nyumba ya ku Bangwe ndamanga ndekha palibe mwamuna anaikapo njerwa. Nde ndikamayankhula musaone ngati ndikukuopsezani kuti mundisiyire msika, msika wa matenti ine sindiufuna olo mutandipatsa ulele.

Usikauti ndinaulowa ndili wamkulu kale. Ife a nthawi ya a Kamuzu tinkangodziwa a Payoniya, zamasikauti zinabwera kuzamveka bwino pambuyo, ndipo bungwe lathu la kuno analilandira ku bungwe la masikauti a dziko lonse mu 2005. Ine ndinangoperekeza mwana wanga wamkazi tsiku lina Loweruka, ndapeza bambo mmodzi yekha akulimbana ndi ana pafupifupi 30, mluzu kukamwa thukuta lili kamukamu, anandipempha kuti mayi tathandizani kuphika nsima ku kampu sabata ya mawa basi. Sabata ya mawa ija mpaka lero sinathe. Mwana amene ndinamuperekezayo anakwatiwa ali ndi ana awiri, ine ndikadali ndi sikafu pakhosi. Malipiro palibe, mudziwiretu. Mayunitsi ndi anu, thiransipoti ndi yanu, mwana akaiwala mbale ku kampu adyera yanu, akadwala usiku wothamanga naye kuchipatala ndinu.

Za pasipoti, za basi ya pa Wenela, za kogona mukatsika pa Park Station, amenewo funsani kondakitala aliyense akuuzani, ine sinditaya nazo nthawi. Chimene anthu sakuuzani ndi ichi. Matenti amene mukawaone otchipa ku China Mall kapena ku Dragon City aja sanapangidwe ku South Africa, achokera ku China. Pepala la SADC limene mwamva kuti limachepetsa msonkho limagwira pa katundu wopangidwa mmaiko a SADC momwemo. Kaja ka COMESA ka amalonda ang'onoang'ono, STR, nkapakati pa ife ndi anzathu monga a ku Zambia ndi ku Zimbabwe, pa katundu amene ali pa mndandanda wawo, South Africa mulibe mu COMESA. Nde tenti ya ku China yogulidwa ku Joni mulipira dyute yonse kuphatikiza VAT, musadzinamize.

Komanso masikafu mukukafuna chani ku Joni? Nsalu gulani ku Limbe, telala wa pakhonde akuduleni makona atatu asoke mmphepete, yatha. Wogo, kamphete kolowetsamo sikafu kaja, ana apange okha ndi nsungwi kapena chikopa kapena chingwe choluka, ndi phunziro limenelo, mwana akapanga yekha sataya. Mabaji pitani ku bungwe, musakasoketse abodza kwinakwake, baji ya masikauti a dziko lonse, ya pepo ija yozungulilidwa ndi chingwe chomanga mfundo pansi ana amaidziwa, mukawapatsa yokhota adzakusekani ku msonkhano wa magulu ena.

Koma ndikuuzeni za 2023, mwina mumva.

Chaka chimenecho tinapangana kuti December tikachite kampu kumunsi kwa phiri la Mulanje, ndipo tatopa nkubwereka matenti ong'ambika, tigule athu. Ana anali 38. Makolo anati mayi inu mumapita kale ku Joni, tisonkhe mutigulire. Ine mtima unati aaa bola, ndikanyamula limodzi ndi katundu wanga, ndipo ndisaname, ndinawerengera kuti kotsala pamwamba kadzalipira tikiti yanga. Ka sopo komwe mukunenako. Anayamba kusonkha mu October, wina K5,000, wina K2,000 nkumati zotsala mawa, mayi wina wogulitsa mandasi ankabweretsa ndalama zamafutamafuta zokulunga pa nsonga ya chitenje, bambo wina wa kabaza anabweretsa ma K200 okhaokha mu jumbo ya shuga. Ndinkalemba mu hadikava yakuda, dzina, tsiku, ndalama, kholo nkusaina. Ndalama zija ndinazisunga mu kwacha kudikira makolo asanu ndi mmodzi amene anali asanamalize, ndimati ndisinthe zonse kamodzi.

Pa 9 November ndili pa msika ndangomva pa wailesi kuti kwacha aichepetsa mphamvu ndi 44 peresenti. Dola imene inali cha mma K1,180 yafika K1,700. Ndinakhala pansi pa thumba la makala la munthu wina osapempha. Ine munthu woti mu May 2022 ataigwetsa ndi 25 peresenti ndinali nditasintha kale ndalama zanga ndipo ndinkaseka anzanga, ulendo uno ndagwidwa ngati mwana, ndi ndalama za eni ake. Anyamata osintha ndalama tsiku lomwelo randi anaikweza, ena anangozimitsa mafoni.

Munganene kuti bwanji simunabwerere kwa makolo kuti awonjezere. Inu mungapite kwa mayi wa mandasi uja kukamuuza kuti ndalama munapereka zija zafupika? Ufa unali utakwera, shuga, mafuta, zonse sabata yomweyo. Ndinachita manyazi. Ndinatenga mpamba wanga wa katundu wa Khirisimasi nkuthira momwemo, osakwana, ndinapita kwa munthu wa katapila. Zaka zonsezi ndinali ndisanapondeko kwa katapila, ku banki mkhonde kwathu ine ndi amene ndimalangiza atsikana kuti musayerekeze.

Ku Joni ndinagula matenti asanu ndi atatu pa shopu ina, dzina lake lisiyeni. Ine bulangete lililonse ndimatambasula, poto aliyense ndimagogoda, koma tsiku limenelo mutu unali pa katapila, basi inali pafupi kunyamuka, mnyamata wa mushopu anangotsegula imodzi nkuti zonse nchimodzimodzi mama, ine nkuvomera. Ndinalipira nkunyamula.

Tafika pa boda yolowera kwathu, boda yake sinditchula chifukwa ndimadutsabe pomwepo. Ndinali nditavala sikafu yanga dala, ndi timikanda tanga tiwiri ta Wood Badge, kuganiza kuti akaona amva chisoni. Timikanda timeneti simugula pa shopu aphunzitsi, mumachita maphunziro a atsogoleri, kugona kutchire, kulemba, kuyesedwa, anayamba 1919 ku Gilwell Park ku England, ndipo toyambirira a Baden-Powell, amene anayambitsa usikauti, anachotsa pa mkanda wa Dinuzulu mfumu ya Azulu, ndiye ndikati ndi za ku Africa kuno sindikunama, a Baden-Powell eni akewo manda awo ali ku Nyeri ku Kenya. Koma bwana wa kasitomu amene ndinamupeza tsiku limenelo za Dinuzulu analibe nazo ntchito. Mnyamata wamng'ono woti ndingamubereke, mafuta onunkhira ali guu, anatenga risiti yanga ndi zala ziwiri ngati yagwera mchimbudzi.

Akuti mayi, matenti eyiti pa mtengo uwu? Risiti iyi mwalembetsa.

Ndinati bwana ndi za ana a sikauti izi, si zogulitsa, kalata ya a hedi iyi ili ndi chidindo. Anaiwerenga mpaka pansi, nkundibwezera, akuti a hedi anuwo ndi amene amatolera msonkho wa dziko lino? Anzake nkuseka. Kenaka anaika mtengo wakewake pa tenti iliyonse, pafupifupi kuwirikiza, nkuwerengera pa reti yatsopano ija, dyute, pamwamba pake VAT imene nthawi imeneyo inali 16.5 peresenti. Chiwerengero chimene analemba pa kapepala chinaposa ndalama zonse zimene zinali mthupi mwanga, ndi za mu bra zomwe. Pa kalata paja ndiye sanalakwe kwenikweni, ndinazamva pambuyo kuti zochotsera msonkho zimapemphedwa kumalikulu katundu asananyamuke, kudzera ku bungwe, osati kufika pa windo ndi kalata ya a hedi. Koma kaseka kaja. Mpaka lero ndikakumbukira mano ake aja nsima imandikanika.

Dobadoba wina anali kale pambali panga, akuti mayi musavutike, ya fanta pang'ono ine ndikayankhula nawo katundu atuluka pompano. Ndisakunamizeni kuti ndine mngelo, pa msewu uwu ya fanta ndinaperekapo, amene akuti sanaperekepo sanayende. Koma tsiku limenelo dzanja linakana. Sikafu ili pakhosi, Loweruka lililonse ndimaimika ana kukweza zala zitatu kulonjeza za ulemu wawo, nde ndipinde ndalama ya mayi wa mandasi ndipatse mnyamata wamafuta uja? Mwina unali ukali chabe osati chilungamo, sindikudziwa. Basi inandisiya. Kondakitala anatsitsa katundu wanga nkuti pepani mami, anthu akudandaula.

Ndinagona pa boda masiku awiri, pamwamba pa matenti anga omwe, udzudzu ukundidya, ndikuimbira aliyense amene ndinamuthandizapo. Mchemwali wanga anagulitsa mbuzi. Mnzanga wa ku banki mkhonde ananditumizira pa foni. Nditalipira tsiku lachitatu ndinalibe olo ya minibasi. Ndakhala pamthunzi wa thiraki ina, dalaivala wake bambo wachikulire wa ku Zimbabwe anatsika, wayang'ana pakhosi panga, osanena kanthu wangotambasula dzanja lamanzere. Inu mwayamba kumene mwina simunazolowere, masikauti timapatsana moni ndi lamanzere. Anati anali sikauti ali mwana ku Mutare. Ananyamula ine ndi matenti anga mpaka mtauni osalandira kanthu, njira yonse akundiimbira nyimbo za pa moto wa kampu mChishona, ine ndikulira ngati wamasiye.

Mukuganiza zathera pomwepo? Kampu ija tinapita. Kukhoma matenti madzulo, awiri tapeza mulibe ndodo zokwanira, ana anadula nsungwi nkulumikiza. Cha mma 1 koloko usiku mvula ya ku Mulanje ija inabwera, yosachita kuchenjeza, matenti atatu anayamba kudontha msoko monse ngati sefa. Ndinatuluka ndi tochi nkuyamba kuwerenga mitu, chifukwa chinthu choyamba usiku ndi kuwerenga ana, katundu anyowe. 36. Ndawerenganso, 36. Miyendo inazizira. Awiri aja ndinawapeza kuseri kwa tenti ya atsikana, mtsogoleri wa patrol, kagulu kakang'ono ka masikauti, kamtsikana ka zaka 14, ndi mnzake, akukumba ngalande ndi khasu la kukhitchini kuti madzi apatuke, atatenga kale pepala lapulasitiki limene tinafunditsa nkhuni nkulimanga pamwamba pa tenti ndi mfundo zimene ndinawaphunzitsa ine. Ndinafuna kuwakalipira, pakamwa panangotuluka kuti kokani mbali iyo. Kunacha tonse tili mbuu matope, ana akuseka, akuti iyi nde kampu.

Apa ndikuuzeni pang'ono poti ndinu bambo. Musadzatenge atsikana kupita nawo ku kampu popanda mtsogoleri wamayi, ndipo musadzakhale awiriwiri ndi mwana pamalo obisika olo mukhale woyera mtima bwanji. Kholo lililonse lisaine kalata. Maphunziro a Safe from Harm, a katetezedwe ka ana ku nkhanza, chitani, si ongotaya nthawi. Izi ndi zofunika kuposa matenti anuwo.

Katapila ndinamaliza mu April, firiji yanga yaikulu inapita. Khirisimasi imeneyo ndinalibe katundu olo mmodzi pa benchi, makasitomala anga a zaka ndi zaka anapita kwa ena, ena sanabwerere. Koma chimene chinandipweteka kuposa firiji, pa msonkhano wa makolo mu January bambo wina anaimirira nkuti matenti odontha chonchi, mayiwa sanadyepo apa? Munthu woti anamaliza kusonkha mochedwa, mmodzi wa asanu ndi mmodzi amene ndinkawadikira aja. Ndinatulutsa hadikava yakuda, marisiti a ku Joni, pepala la kasitomu, ndi kapepala ka katapila komwe, ndinaika pa desiki nkuti werengani mokweza bambo. Sanawerenge. Mayi wa mandasi uja ndi amene anamuyankha, mawu ake sindingalembe pano.

Nde ngati mwalimbikirabe, ndalama musasunge inu, makolo asankhe msungichuma wawo, inu muzingosaina. Mtengo auzeni mu randi, ndipo zikangolowa sinthani sabata yomweyo, wochedwa adzapeze reti yake. Tenti iliyonse itsegulidwe mushopu momwemo, werengani ndodo, yang'anani msoko pa kuwala, akakana tulukani. Msonkho werengerani pa mtengo woposa wa pa risiti. Ndipo za ka sopo zichotseni mmutu, mukafuna geni kaodeni nsapato mugulitse kwa anthu osakudziwani.

Matenti asanu abwino aja alipo, atatu odonthawo tinawamata ndipo amagwira ngati mvula si ya ku Mulanje. Pa 22 February, tsiku lobadwa a Baden-Powell, timakhala ndi pareti, bwerani ndi ana anu olo alibe yunifolomu adzaone anzawo. Mukafuna kubwereka matenti a kampu yanu yoyamba mudzanene, ndikupatsani anayi, koma mudzasaina mu hadikava ndipo abwere ouma, ndodo ndidzawerenga pamaso panu.