Funsani: Masiku awiri ku Spain, ndilowere kuti?

Funso: Ndili ku Madrid pa maphunziro a milungu itatu, ndipo Loweruka ndi Lamlungu likubwerali atipatsa mpata wopuma. Mtima ukufuna ndikaone Barcelona, Sevilla ndi Granada ndisanabwerere. Kodi zingatheke? Komanso banja la mnzanga wa konkuno landiitanira nkhomaliro Lamlungu, ndiye ndikuopa kukalakwitsa mwambo. Ndine mayi wowerenga magazini ino.

Yankho: Mayi, mizinda itatuyo muiike kaye padera. Ili motalikirana kwambiri, masiku anu angathere m'sitima. Ine ndikuti pitani ku Toledo, mzinda wakale wapafupi ndi Madrid, Loweruka m'mamawa, mukagone komweko, Lamlungu mubwerere nthawi ya nkhomaliro isanakwane.

Sitima yochokera pa siteshoni ya Atocha ku Madrid imatenga mphindi 30 ndi zochepa. Gulirenitu tikiti yopita ndi yobwerera, pakuti kumathero a sabata mipando imatha msanga. Mzindawu uli pachitunda, mtsinje wa Tajo utauzinga mbali zitatu, ndipo misewu yake ndi yamiyala, yopapatiza, yokwezeka. Nsapato zagogoda zitsale.

Chimene chinandigwira mtima ine kumeneko n'chakuti tsiku limodzi lomwelo umalowa mumzikiti, m'sunagoge ndi m'tchalitchi, wapansi. Yambani ndi kamzikiti ka Cristo de la Luz, komangidwa mu 999. N'kochepa zedi, mizati inayi yokha pakati, koma mukakweza maso muona timadenga 9, kalikonse ndi kapangidwe kakekake. Mfumu Alfonso VI italanda mzindawu mu 1085, nyumbayi pambuyo pake inasanduka tchalitchi. Kenako tsikirani ku Santa María la Blanca, imene inali sunagoge. Mizati yake ndi yoyera mbee, ndipo ine ndinaima pamenepo nthawi ndithu, kuganizira Ayuda amene anathamangitsidwa m'dzikolo mu 1492, kusiya makomo awo. Musadutsepo mothamanga, chonde.

Tchalitchi chachikulu anayamba kuchimanga mu 1226 n'kudzachimaliza mu 1493. Chipatseni ola lathunthu. Kutchalitchi cha Santo Tomé kuli chithunzi chotchuka cha maliro a mkulu wa ku Orgaz, chimene anajambula katswiri wotchedwa El Greco. Anthu amachuluka, koma pamzere pake mpoyenera kudikira.

Kugonako ndikukulimbikitsani pa chifukwa ichi: dzuwa likapendeka, alendo a tsiku limodzi amakwera mabasi awo, mzinda n'kukhala zii. Kwerani takisi mupite ku Mirador del Valle, malo oonerapo mzinda kutsidya kwa mtsinje, mukaone nyali zikuyaka pa linga la Alcázar ndi pansanja ya tchalitchi. Musadabwe kupeza malo odyera ali otseka 7 koloko madzulo. Kumeneko mgonero umayamba cha m'ma 9. Njala ikakuvutani, lowani mu bala muitanitse tapas, timbale ta zakudya zolawa. Ngati simudya nkhumba nenani msanga kuti "sin cerdo", kutanthauza popanda nkhumba, chifukwa jamón, nyama ya nkhumba youmitsa, amaiika m'zambiri.

Tsono za nkhomaliro ija. Idzayamba cha m'ma 2 koloko kapena kupitirira, choncho m'mawa mudyeko kanthu. Pakhomo angakupsompsoneni masaya onse awiri. Ndi moni chabe, ndipo mukatambasula dzanja palibe adzakhumudwe. Chachikulu n'chimene iwo amati sobremesa: mbale zikatha anthu sanyamuka, amakhalabe patebulo ndi khofi, kucheza ola ngakhale awiri, mokweza mawu, kudulana pakamwa. Si mkangano ayi. Mukangotsanzika mutameza nthongo yomaliza, eni nyumba adzaganiza kuti simunasangalale, ndiye madzulo amenewo musaikepo china.

Musapite chimanjamanja. Ku Toledo gulani kabokosi ka mazapán, zotsekemera zopangidwa ndi mtedza wa alimondi ndi shuga, zimene ngakhale masisitere a m'makonventi ena amagulitsa. Mukapereke kwa mayi wa pakhomopo mukangolowa, n'kuwauza kumene mwazitenga.