Kuponyako code ku LinuxCNC ulibe makina

Achimwene, mwafunsa ngati mungathandize nawo kulemba code ya LinuxCNC, pulogalamu yoyendetsa makina a CNC (makina odula zinthu motsogozedwa ndi kompyuta), pomwe inu mulibe makinawo. Zotheka kwabasi! Ine ndinayamba ndi kalaputopu kakale konkuno ku Chinamwali, ndinaikamo Debian (mtundu wa Linux) nkukoka code yonse ya LinuxCNC pa GitHub (webusaiti yosungirako code), mkatimo muli ma sim config (makina oyerekezera) oti ma axis (mbali zoyenda za makina) amayenda pa sikirini popanda chitsulo chilichonse, kungoti pokompaila magetsi anandithimira kawiri. Za real-time, code yolamula makina enieniwo pomwe akuyenda, musazithamangire, pamenepo ndi pa chilankhulo cha C, mukaphonya pang'ono mpeni ukaboola tebulo la eni ake. Yambani ndi Python ya ma GUI (zooneka pa sikirini zija) kapena kukonza ma docs (zolemba zofotokoza pulogalamuyi). Pull request (pempho loti code yanu ailandire) ikhale yaing'ono, nkhani imodzi basi, mufotokozenso mmene mwaiyesera. Oyang'anira LinuxCNC akachedwa kuyankha musadandaule, anthuwo ndi ongodzipereka.