Mafunso anu pa jiu-jitsu: mukakhala pansi mu half guard

Makalata ambiri a mwezi uno akufunsa za half guard, malo amene wapansi amapana mwendo umodzi wa mnzake ndi miyendo yake, choncho tawayankha pamodzi. Kuti tisasokonezane, m'mayankho onse tikutenga kuti inu muli pansi, mwapana mwendo wakumanja wa mnzanu pakati pa miyendo yanu, ndipo mwendo wake wamanzere uli panja. Ngati mumapana mwendo winawo, ingotembenuzani mbali zonse zimene tatchula.

Ndikangolowa mu half guard, mnzanga amandigoneka chagada, phewa lake pansagwada panga, mpaka kupuma kumavuta. Miyendo ndimapana ndi mphamvu zonse koma amadutsabe. Ndikulakwitsa pati? (Wa lamba woyera, Blantyre)

Achimwene, nkhondo mukuimenyera kumiyendo pomwe ikuchitikira kumtunda. Miyendo imangomuchedwetsa. Chimene chimagamula ndi mikono iwiri. Woyamba ndi mkono wake wamanzere, umene akufuna kuulowetsa kuseri kwa khosi lanu kuti phewa likankhe nsagwada, yomwe timati crossface. Wachiwiri ndi umene ulowe kunsi kwa khwapa la wina, yomwe timati underhook. Akapeza zonse ziwiri, nkhope yanu imayang'ana kumbali, ndipo thupi limatsata mutu. Mapewa onse awiri akangokhudza pansi, chiuno sichiyendanso.

Ndiye musadikire kuti afike. Mukangopana mwendo, gonani chammbali pa nthiti zakumanja, mukuyang'anizana naye. Dzanja lamanja ligwire mkono wake wamanzere chakumtunda kwa chigongono, chigongono chanu chili pafupi ndi nthiti. Dzanja limeneli ntchito yake ndi imodzi basi: kutseka njira ya crossface. Bondo lamanzere likwere pachifuwa pake pafupi ndi phewa lake lamanja, liloze kumwamba, ndipo chigongono chamanzere chikhale m'kati mwa bondolo kuti ziwirizi zichirikizane ngati phanda lochirikiza nthochi. Ambiri amasiya bondo m'munsi, pamimba, litagona. Zikatero wapamwamba amalitsamira, n'kuliphatika pa bondo linalo, n'kudutsa mosavuta.

Kuti mupeze underhook, musatambasule mkono muli patali. Wongolani mwendo wamanzere ngati mukuponda kuseri kwa khwapa lake, ndipo mphamvu ya mwendowo ikudzutseni. Mkono wamanzere ulowe mumpata umene bondo lasiya, uzungulire m'chiuno mwake, khutu lanu lamanzere likhudze pamimba pake, inu mutatsamira pa chigongono chamanja.

Kale half guard ankaiona ngati malo a munthu amene watsala pang'ono kudutsidwa. Amene anaisandutsa malo oukirapo ndi Roberto Correa wa ku Rio de Janeiro, wodziwika ndi dzina loti Gordo, wophunzira wa Carlos Gracie Jr. Iye anavulala bondo, ndipo pofuna kuliteteza anayamba kusewera atagona chammbali, akusaka underhook. Mpaka lero phata la half guard ndi lomwelo.

Nanga ndikachedwa, wandigoneka kale ndipo wagwira crossface ndi underhook yomwe, ndichoka bwanji? (Mayi wophunzira kwa miyezi 8, Johannesburg)

Achemwali, choyamba musakankhe chifuwa chake ndi mikono yowongoka. Kulemera kwake simungakunyamule, komanso mkono wowongoka mwaupereka nokha kuti aukhome. Chachiwiri, musapane miyendo n'kungokhala phee. Iye sakutopa, akutopa ndi inu.

Njira imene timaikhulupirira kwambiri ndi yomupendeketsa ndi bondo. Onani mbali yake yofooka: mwendo wake wakumanja uli pakati pa miyendo yanu, mkono wake wakumanja uli kunsi kwa khwapa lanu lamanzere. Zonse zimene angatsamirepo kumbali imeneyo zili m'manja mwanu. Panani mkono wakewo ndi chigongono chamanzere, muuphatike kunthiti. Phazi lanu lamanzere liponde pansi kuseri kwa kakolo wake kuti mwendo usathawe, dzanja lamanja likhale pachiuno chake. Kokerani zidendene pafupi ndi matako, sunthani chiuno pang'ono kuti chilowe kunsi kwake, kenaka pendeketsani mawondo onse awiri kumanzere uku mukunyamula chiuno. Akakakamira crossface, agubuduka ndipo inu mukwera pamwamba. Wodziwa amasiya khosi lanu n'kutsamira dzanja lamanzere pansi, ndipo chimenecho ndicho mumafuna. Khosi lamasuka. Bwererani msanga ku nthiti zakumanja, mulowetse underhook kapena bondo lotchinga lija.

Zikakanika, nthawi zambiri ndi chifukwa chakuti chiuno chanu chili kutali ndi chake, kapena bondo lake latuluka kale pakati pa ntchafu zanu. Mukangopana kakolo yekha, mphamvu yomupendeketsa palibe. Pamenepo yambani mwakankha bondo lakelo ndi dzanja kuti libwerere m'kati.

Ngati cholinga chanu n'kubwerera mu closed guard, pomwe miyendo yanu yonse imazungulira chiuno chake mapazi atakolana, mwendo wamanzere upitirize kugwira mwendo wake, mkono wamanja ukankhe ntchafu yake yamanzere, sunthirani chiuno kumanzere, ndipo bondo lamanja lidutse pampata umene waoneka. Mukamasula miyendo yonse nthawi imodzi, mwamutsegulira khomo.

Underhook ndimaipeza, koma sindidziwa chochita nayo. Mnzanga amakulunga mkono wanga kuchokera pamwamba, ndiye timangokankhana. (Wa lamba wabuluu, Lilongwe)

Kukulunga kumeneko ndi whizzer, ndipo aliyense wodziwa adzakuchitani zimenezo. Underhook si malo opumirapo. Mukaipeza, pasathe masekondi 2 musanayambe kusesa (sweep), kutanthauza kumugwetsa kuti inu mukwere pamwamba.

Yambani ndi sweep imene ambiri amaitcha old school, dzina limene anatchukitsa Eddie Bravo, mphunzitsi wa ku America. Tsikani m'munsi mpaka mutu ufike pafupi ndi chiuno chake. Dzanja lamanja lilowe kunsi kwake, ligwire phazi lake lamanzere chakuzala, mulikokere kumatako ake, n'kulipereka ku dzanja lamanzere lomwe lazungulira kumbuyo. Gwirani kuzala, osati pakakolo, chifukwa pakakolo amangowongola mwendo n'kukutayani. Tsopano sinthani miyendo, ndipo apa mpamene ambiri amaphonya. Chidendene chamanzere chikole katumba wa mwendo wake wakumanja n'kuukokera panja. Chikakola bwino m'pamene mutulutse mwendo wanu wakumanja n'kugwada. Mukatulutsa wakumanja musanakole ndi wamanzere, mwendo wake wamasuka ndipo akukhalirani pamimba. Mukagwada, dzanja lamanja litchinge bondo lake lamanzere, phewa likankhe m'chiuno mwake molunjika ku bondo lomwelo. Alibe chotsamira, agwa.

Akabisa phazi, dzukanibe mugwade pambali pake, underhook ili m'chiuno, mwendo wake mutaukolabe. Malo amenewa amatchedwa dogfight. Apa mverani kulemera kwake. Akakhala wopepuka, tchingani bondo lakutalilo ndi dzanja lamanja n'kumukankha. Akakukankhani ndi whizzer, musalimbane naye. Panani mkono wakewo ndi chigongono, lowetsani mkono wamanja kunsi kwa ntchafu yake yamanzere, gwerani kunsi kwake n'kugubudukira kumanzere. Mkono umene akanatsamira wautsekera yekha mu whizzer, choncho mphamvu yake yomwe ndi imene imamuponya. Akaona zimenezi n'kumasula whizzer, msana wake uli poyera: dutsani kunsi kwa khwapa mukwere kumbuyo.

Zitatuzi ziphunzireni ngati chinthu chimodzi, chifukwa iliyonse imagwira pamene iye akuthawa inzake. Lucas Leite, katswiri wa ku Brazil, wagwetsa anthu olemera kuposa iye ndi njira yokokera mwendo panja imeneyi, pakuti bondo likapotokera kunja munthu sangakankhe nalo.

Kawiri konse ndatsamwitsidwa nditangolowetsa underhook. Kodi ndiisiye? (Wowerenga wa ku Lusaka)

Musaisiye. Chakugwirani ndi D'Arce, kutsamwitsa kotchedwa dzina la Joe D'Arce wa ku America. Mkono wa whizzer uja umapitirira kunsi kwa khwapa lanu n'kutulukira kukhosi, dzanja linalo likukanikiza mutu wanu pansi. Izi zimatheka pakakhala mpata pakati pa mutu wanu ndi thupi lake, makamaka mukawerama n'kuyang'ana pansi underhook ili yosalowa bwino. Phatikani mutu pathupi pake, kwezani chibwano, ndipo phewa lanu lilowe ndithu m'khwapa mwake. Mukamva dzanja likukwawira kukhosi, bwezani mutu kumbuyo, tsitsani chigongono chamanzere kunthiti, mubwerere ku bondo lotchinga. Kutaya underhook kamodzi n'kwabwino kusiyana ndi kugogoda, komwe ndi kuvomereza kuti mwagonja. Ikakhala yatsekeka kale, gogodani msanga, pakuti kutsamwitsa kumeneku kumatseka mitsempha ya magazi ya m'khosi ndipo munthu amakomoka m'masekondi ochepa.

Anzanga ena akuti ndiphunzire lockdown, ena akuti deep half. Ndine wochepa thupi, makilogalamu 62. (Wophunzira wa ku Mzuzu)

Lockdown ndi mapanidwe amene Eddie Bravo anawaika pamtima pa sukulu yake ya 10th Planet ku Los Angeles. Mwendo wakunja umadutsa pamwamba pa katumba wake, phazi la mwendo wanuwo n'kulowa kuseri kwa bondo lanu linalo, ndipo phazi lam'kati limakola kunsi kwa kakolo wake. Mukawongola miyendo, sangathe kusolola bondo. Imathandiza madzi akafika m'khosi, koma imakugonekani chagada, ndipo ophunzira ambiri amazolowera kubisalamo mpaka nthawi kutha. Komanso imapotokola bondo la mnzanu, choncho wongolani pang'onopang'ono, osagwedeza.

Deep half ndiyo kulowa thupi lonse kunsi kwa chiuno chake, mwendo wake uli paphewa panu ngati mtolo wa nkhuni. Bernardo Faria anatchuka nayo, ndipo mu 2015 anapambana mpikisano wa dziko lonse wa IBJJF, bungwe loyendetsa mipikisano ya jiu-jitsu, mu gulu la kulemera kwake komanso mu gulu losaona kulemera. Kwa munthu wochepa thupi ndi yabwino, chifukwa wamkulu amasowa poti akutsamireni. Choopsa chake ndi mkono wotsalira panja, umene amaukhoma ndi kimura, njira yopotokola phewa, choncho ubiseni kunsi kwa mwendo wake. Pa MMA, masewera omenyana ololeza nkhonya, kapena podziteteza pamsewu sitikulangizani, popeza nkhope imakhala poyera.

Ife tikuti zonse ziwiri zidikire. Thani miyezi ingapo pa kugona chammbali, kutseka crossface ndi underhook. Yesererani motere: mphindi 3 inu pansi, mphindi 3 mnzanu pansi, maulendo 4. Wapansi akasesa kapena wapamwamba akadutsa, yambiraninso pomwepo. Theka la maulendowo muziyamba mutagonekedwa kale chagada, chifukwa pampikisano m'pamene mudzapezeke kawirikawiri.

Pampikisano ndinamutembenuza mnzanga koma woweruza sanandipatse mapointi. Chifukwa chiyani? (Wa lamba woyera, Manchester)

M'malamulo a IBJJF, sweep imapatsa mapointi 2, koma iyenera kuyambira mu guard kapena half guard, ndipo muyenera kukhazikika pamwamba kwa masekondi 3. Ngati mwendo wake unatuluka n'kukhazikika pambali panu musanamutembenuze, iye ndiye wapeza mapointi 3 odutsa guard, ndipo kumugubuduza kuchokera pamenepo sikupatsa kanthu. Ngati mwendo munaupanabe koma anadzuka msanga, mumangopatsidwa advantage, chizindikiro chakuti munatsala pang'ono kupeza mapointi. N'chifukwa chake pa old school phazi lija musalisiye akangogwa. Ligwirenibe, phewa lili pamimba pake, muwerenge mpaka 3 mumtima, kenaka muyambe kusolola mwendo wanu.