Timagazi Timeneto Si Tating'ono, Amayi

Azakhali,

Bambo akunyumba anapuma pa ntchito yauphunzitsi chaka chatha atakwanitsa zaka 60. Tinkati tsopano timalize nyumba kumudzi, tiziweta nkhumba. Posakhalitsa anayamba kudzukadzuka usiku kukataya madzi, kenako msana unavuta. Kuchipatala anawapeza ndi khansa ya prostate, kachiwalo ka abambo kokhala pansi pa chikhodzodzo, ndipo adokotala anati tikanabwera kale. Chondiwawa n'chakuti abale awo akuti ndawalodza ine kuti ndidye ndalama za penshoni. Alamu anga afika pofunsa mapepala a malo. Chonsecho ndine ndimagona pansi m'chipatala ngati gadiyani, ngakhale nanenso nthawi zina ndimaona timagazi chisiyireni kusamba zaka zinayi zapitazo, koma zimenezo n'zazing'ono. Ndiwayankhe bwanji abalewa?

Mayi wodandaula, Ntcheu

Amayi,

Za alamu anu sinditaya nazo nthawi. Munthu wofunsa mapepala a malo m'bale wake akadali moyo sakudandaula za m'baleyo. Mapepalawo musapereke. Itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri bambo akadali ndi mphamvu zolankhula okha, anene pamaso pa onse chimene akudwala, ndipo alembe wilo. Lamulo la chuma chamasiye la 2011 limati kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana ndi mlandu. Alamuwo muwauzenso kuti mwamuna amene bambo ake kapena m'bale wake wa bere limodzi anadwalapo khansa ya prostate amakhala pachiopsezo chachikulu kuposa anzake. Kusiyana n'kusaka mfiti, apite akayezetse magazi, kuyeza kotchedwa PSA. Ana anu aamuna nawonso adziwe.

Koma ine kalata yanu ndaiwerenga mobwereza chifukwa cha mawu amene mwawakankhira kumapeto, akuti "zimenezo n'zazing'ono". Ndani anakuuzani kuti n'zazing'ono? Mwamva ndi makutu anu adokotala akunena kuti mukanabwera kale. Mwaona ndi maso anu chimene kuchedwa kwachita kwa bambo. Ndiye inu mukuyenda m'makonde a chipatala chomwecho, mutanyamula bakuli la phala, mukudutsa pakhomo pamene amayeza amayi, osalowa. Apa pokha ndikudzudzulani, chifukwa zimene mukuchita n'zomwe anachita bambo pamene ankadzuka usiku n'kumati ndi ukalamba.

Mayi akasiya kusamba, magazi sayenera kuonekanso, ngakhale kadontho pansalu yamkati. Nthawi zambiri chimene chimayambitsa sichikhala khansa, mwina n'kuuma ndi kupyapyala kwa njira ya chiberekero kumene kumabwera ndi msinkhu. Koma magazi otere ndi chizindikironso chodziwika cha khansa ya khomo la chiberekero ndi ya m'kati mwa chiberekero, ndipo palibe amene angasiyanitse ali kunyumba. Dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi ambiri pa dziko lonse, chonsecho ndi khansa yoyenda pang'onopang'ono. Kachilombo ka HPV, kamene kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, kamatha zaka 15 mpaka 20 kasanabweretse khansayo mwa mayi wa chitetezo chabwino m'thupi. Kwa mayi amene ali ndi HIV nthawiyi imafupika, ndipo mpata wodwala umachuluka pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Zaka zonsezo namwino akanatha kuona poyambira vuto popaka viniga pakhomo la chiberekero, n'kupawotcha tsiku lomwelo, mayi n'kubwerera kwawo kukaphika.

Chimene chimandipweteka ine ndi m'mene tinaleredwera ife amayi. Tinaphunzitsidwa kugawa ndiwo kwa bambo, kwa ana, kwa alendo, ife n'kutsala ndi msuzi wa pansi pa mphika, ndipo thupi lathu timalisunganso chimodzimodzi. Mwana akatentha thupi timathamanga naye usiku. Bambo akatsokomola timabwereka ndalama ya kabaza. Ife tikaona magazi timachapa nsaluyo mobisa, kuyanika m'nyumba, n'kukhala chete. Kutchalitchi amatiyamika kuti ndife opirira, kuchinamwali anatiuza kuti za kumaso sizinenedwa, ndipo timafika nako kupirirako mpaka fungo litatulukira kunja, pamene madokotala angotsala ndi mankhwala opha ululu. Sindikhulupirira kuti kumeneku n'kukonda banja. Mayi wobisa matenda ake amasiyira ana ake maliro awiri. Ndipo taganizani, amayi: inu mutagona lero, ndani adzawasambitse bambo? Alamu ofunsa mapepala aja?

Ndikudziwa kuti pali manyazi. Ambiri amaopa chitsulo chimene namwino amatsegulira njira, ena amati sangavulire mwana wa msinkhu wa mdzukulu wawo. Kuyezako n'kwa mphindi zochepa, kumasowetsa mtendere koma sikupweteka kwenikweni, ndipo mukhoza kupempha kuti akuyezeni wamkazi. Abambo nawo amathawa chala cha dokotala choyezera prostate pa manyazi omwewo, ndipo mwaona kumene zawafikitsa bambo akwanu.

Tsono sabata ino, pemphani mwana wanu kapena mnzanu wa kumvano akhale ndi bambo m'mawa umodzi. Tengani buku lanu la kuchipatala. Mukafika musangoti mwabwera kudzayezetsa ndi viniga, chifukwa kwa mayi wosiya kusamba kuyeza kumeneko pakokha sikuona zonse. Nenani mosabisa kuti munasiya kusamba zaka zinayi zapitazo ndipo mukuona magazi, kangati, ochuluka bwanji, ngati amabwera mukakhala malo amodzi ndi bambo. Akafuna kuunika chiberekero kapena kudula kanyama kuti akakayeze, musakane. Akakutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queens ku Blantyre, pitani pa tsiku limene akulemberani, ndipo ndalama yoyendera ichoke pa penshoni yomweyo popanda kupepesa kwa aliyense.

Ana anu aakazi a zaka 25 kupita m'tsogolo muwatenge akayezetse. Adzukulu aakazi muwafunse ngati anabaya katemera wa HPV, amene boma linayamba kupereka kwa atsikana a zaka 9 mu 2019. Bambo muwauze usiku uno za magaziwo, osadikira zotsatira. Mukabwerako mundilemberenso zimene akupezani nazo.

Azakhali