Mayi amene ankalemba makalata a anthu akufa: yankho kwa achemwali a ku Zomba

Kalata yanu inandipeza Lachiwiri usiku, achemwali, ndipo ndinaiwerenga katatu. Mwafunsa ngati filimu ya Can You Ever Forgive Me? ndi yoyenera kuithera bandulo, poti mnzanu wakuuzani kuti imangotamanda mayi wakuba. Ndikanatha kukuyankhani ndi mzere umodzi. Koma funso lanu lagunda pachilonda chimene ndakhala ndikuchiphimba kwa zaka zambiri, ndiye mundilezere mtima, ndiyambira kutali.

Ntchito yolemba ndinaiyamba ndili Sitandade 5, pakhonde la agogo anga aakazi. Agogo sankadziwa kulemba, ndipo amalume anali ku Joni. Mwezi uliwonse ankandikhazika pamkeka, ine n'kung'amba pepala pakati pa kope, iwo n'kumalankhula uku akutongola chimanga. "Lemba kuti kuno tili bwino, kaya iwe kumeneko. Lemba kuti mbuzi ija yaswa awiri. Lemba kuti denga likudontha." Ndinkalemba momwemo. Tsiku lina ndinaona kuti kalatayo yauma ngati chitsononkho, ndiye pansi penipeni ndinawonjezera mawu a m'mutu mwanga: "Mwana wanga, usiku ndikamva galimoto kumsewu ndimadzuka, ndimayesa ndiwe." Agogo sananene zimenezo. Sanali munthu wonena zotero, chikondi chawo chinkaonekera m'mbale ya nsima basi.

Patatha mwezi yankho linabwera, ndi ndalama zoposa nthawi zonse. Amalume analemba kuti atawerenga analira. Nditawawerengera agogo anangoti, "Walira chiyani ameneyu?" Ine ndinakhala duu, koma mumtima munali chimwemwe chimene ndinali ndisanachimvepo chibadwire. Mawu anga, a kamwana kosavala nsapato, anagwetsa misozi ya munthu wamkulu kutsidya kwa Limpopo. Ndipo ndinkadziwa kale, ngakhale ndinali wamng'ono, kuti mawuwo anaigwetsa chifukwa anavala chitenje cha agogo. Ndikanasayina dzina langa, amalume akanangomwetulira.

N'chifukwa chake nditaonera filimuyi koyamba ndinaiimitsa isanafike pakati, n'kutuluka panja kukapuma mpweya. Pali malo pamene mayiyu watenga kalata yakale ya munthu wotchuka, wogula wamuuza kuti ndi yosakoma kwenikweni ndiye mtengo wake ndi wochepa, iye n'kuilowetsa mu taipilaita, n'kuwonjezera mizere iwiri yoseketsa kumunsi. Chimodzimodzi zimene ndinachita pakhonde paja.

Mayiyu analipodi. Dzina lake Lee Israel, anabadwira ku New York mu 1939. Sanali tambwali wamba, anali mlembi weniweni wa mabuku a mbiri za anthu. Mu 1972 anatulutsa buku la mbiri ya katswiri wa zisudzo Tallulah Bankhead, kenaka la mtolankhani Dorothy Kilgallen limene linalowa pamndandanda wa mabuku oyenda malonda wa nyuzipepala ya New York Times. Chinamugwetsa ndi buku lachitatu la mu 1985, lonena za Estée Lauder, mwini kampani ya zodzoladzola. Lauder sanalifune bukulo, anatulutsa lake nthawi yomweyo, la Israel lolembedwa mothamanga n'kugwa chagada. Kuchokera apo zitseko zinayamba kutsekeka. Mowa, pakamwa polasa, ngongole ya lendi, mphaka wodwala wopanda ndalama yomupititsira kwa dokotala wa ziweto. Cha mu 1991 anaba makalata angapo a katswiri wakale wa zisudzo zoseketsa Fanny Brice mu laibulale, atawabisa mu nsapato, n'kukagulitsa. Ataona kuti ogula amalipira bwino kalata ikakhala ndi nthabwala kapena kachinsinsi, anasiya kudikira zopeza. Anagula mataipilaita akale osiyanasiyana n'kuyamba kupeka makalata athunthu m'dzina la anthu otchuka amene anamwalira kale, monga Dorothy Parker, Noël Coward, Louise Brooks, Edna Ferber, Lillian Hellman. Siginecha ankaikopera pagalasi la wailesi yakanema yakale ataigoneka chagada kuti kuwala kuzidutsa m'pepala. Makalata onse anakwana pafupifupi 400, m'nyengo yosapitirira zaka ziwiri.

Ndisanapitirire ndi Israel, ndimalize yanga, chifukwa ya pakhonde ija inali chiyambi chabe.

Nditamaliza sukulu ya ukachenjede ndinakhala zaka zitatu mu Lilongwe wopanda ntchito. Makalata ofunsira ntchito ndinalemba mpaka ndinaloweza, koma kuli zii. Alandilodi ankagogoda mbandakucha kuti andipeze ndisanathawe. Ndiye mnzanga wina anandilumikiza ndi bambo wina wapantchito amene ankaphunzira Loweruka ndi Lamlungu, wopanda nthawi yolemba asayimenti. Ndinamulembera. Anakhoza bwino, anauza anzake, ndipo pasanathe chaka ndinali ndi makasitomala oposa khumi. Tinkangoti ndi ganyu. Mawu akuti chinyengo sankatuluka pakamwa pa aliyense.

Chimene anthu sadziwa n'chakuti ntchito imeneyi imakoma. Sindikunena za ndalama, zinali zochepa. Ndikunena za luso lake. Ndinkayamba ndawerenga zimene munthuyo analembapo yekha, n'kuona mawu amene amawakonda, pamene amapunthwa, kutalika kwa ziganizo zake. Kenaka ndinkalemba ngati iyeyo, koma iyeyo atagona bwino ndi kuwerenga mabuku onse. Ndinkasiyamo dala zolakwika ziwiri zitatu kuti aphunzitsi asakayike. Munthu akabwera kudzatenga n'kunena kuti, "Koma ndiye zikumveka ngati ndalemba ndine," ndinkamva chimwemwe chija cha pakhonde. Mmodzi mwa iwo ndinamulembera ngakhale pepala lalikulu lomalizira digiri. Lero ali paudindo, amasayinira zinthu zokhudza miyoyo ya anthu, ndipo pepala limene linamukweza analiwerenga kamodzi kokha, usiku woti mawa akukaliteteza.

Sindinasiye chifukwa cholapa, ndisakunamizeni. Ndinasiya chifukwa ndinapeza ntchito. Kulapa kunabwera mochedwa, tsiku limene ndinatsegula katoni ya nkhani zanga zimene ndinaziyamba ndili pasukulu, n'kukhala pansi kuti ndimalize imodzi. Panalibe chotuluka. Ndinkatha kulemba ngati mphunzitsi wa ku Mchinji, ngati namwino, ngati wapolisi, koma liwu langa ndinalisaka osalipeza. Zinanditengera zaka zinayi kuti ndilembe tsamba limodzi loti ndisayine dzina langa popanda manyazi.

Apa ndi pamene filimuyi imanena zoona zimene sindinazionepo mu filimu ina iliyonse. Israel sankabisala kumbuyo kwa anthu akufa chifukwa cha njala yokha. Ankaopa kulemba zakezake, chifukwa ukalemba zako n'kukanidwa, wakanidwa ndiwe. Ukalemba m'dzina la Dorothy Parker, ukayamikiridwa umadya wekha mumtima, ukanyozedwa wanyozedwa wina. Ngakhale mabuku ake oyamba aja anali a miyoyo ya eni. M'buku lake la mu 2008, limene filimuyi inachokerako, iye mwini ananena kuti makalata opekawo amawaonabe ngati ntchito yake yabwino koposa. Anthu ena amawerenga zimenezo n'kuseka. Ine zimandimvetsa chisoni kwambiri, chifukwa ndikudziwa kuti sankanama.

Komabe mnzanu uja sanalakwitse kotheratu, ndipo pamene ndikulemba pano ndikuona kuti ndikugwirizana naye kuposa momwe ndimaganizira poyamba. Ogula atayamba kukayika, makamaka makalata a Coward amene ankalankhula poyera za kukonda kwake amuna anzake, chinthu chimene mwiniwakeyo sakanachiika papepala m'masiku amene chinali mlandu ku England, Israel sanasiye. Anasintha njira. Ankalowa m'malo osungira zolemba zakale ngati wofufuza, kuona kalata yeniyeni, kupita kunyumba kukapanga yofanana nayo, kubwerera, kuba yeniyeniyo n'kusiyamo yabodza. Mnzake Jack Hock ndiye ankakagulitsa. Chozemba chinakumana ndi chokwawa. Apa palibenso za luso kapena za njala ya mphaka. Uku ndi kuthira dothi m'chitsime cha mudzi wonse. Inu muli ku Zomba komwe kuli nyumba yosungira zolemba zakale za dziko lathu. Tangoganizani munthu alowemo, ogwira ntchito amukhulupirire, amutulutsire kalata ya m'nthawi ya John Chilembwe, iye aipinde m'thumba n'kusiyamo yopeka. Mwana aliyense wodzafufuza pambuyo pake adzamwa madzi oipa osadziwa. Za Israel zinafikadi pamenepo: makalata ake awiri opeka analowa m'buku la makalata a Noël Coward limene linatuluka mu 2007, ngati enieni.

Filimuyi mbali imeneyi imaidutsa mofulumira, ngati kamasewera kozembera mlonda. Imakuonetsani ogulitsa zinthu zakale, amene ankamugula makalatawo, ngati anthu adyera amene ankafuna okha kunamizidwa, ndipo ena analidi otero. Koma dyera la wogula silichotsa mlandu wa wogulitsa. Inenso ndinkadzitonthoza choncho, kuti vuto ndi aphunzitsi osawerenga, vuto ndi dziko lopanda ntchito. Zonsezo zinali zoona, ndipo ine ndinali wachinyengobe. Chilango chimene Israel analandira atavomera mlandu mu 1993, apolisi a FBI atamugwira, chinali miyezi 6 yosatuluka pakhomo ndi zaka 5 zoyang'aniridwa. Kundende sanapondeko. Ndikaganiza za anyamata amene amagona m'ndende zathu chifukwa cha mbuzi imodzi, mtima umandiwawa. Kenaka buku, kenaka filimu, kenaka mbiri yoposa imene mabuku ake oona anamupatsa. Iye filimuyo sanaione, anamwalira mu Disembala 2014.

Za osewera

Melissa McCarthy, amene akusewera Israel, ambiri timamudziwa m'mafilimu oseketsa, ogwa m'matope ndi kukuwa. Muno ndi munthu wina. Tsitsi losapesa, jekete lotuwa, nkhope ya munthu amene wakonzeka kale kulumana ndi aliyense womupatsa moni. Sayesa kuti mumukonde. Pali nthawi imene anthu alowa m'nyumba mwake n'kubwerera pakhomo chifukwa cha fungo limene iye anasiya kulimva, ndipo manyazi amene amadutsa pankhope yake pamenepo ndi okwana kulipirira bandulo yonse. Marielle Heller, amene anatsogolera filimuyi mu 2018, sanaikongoletse New York. Ndi mzinda wozizira, wa mabala amdima ndi masitolo a mabuku afumbi.

Jack Hock akuseweredwa ndi Richard E. Grant, ndipo mwina simukudziwa kuti ameneyu ndi mwana wa kuno kummwera kwa Africa, anabadwira ku Mbabane, ku Eswatini, mu 1957. Munthu amene samwa mowa m'moyo wake, koma muno akusewera chidakwa chosangalatsa, chopanda pogona, chonama ngati kupuma. Ubwenzi wa awiriwa ndiwo mtima wa filimuyi, anthu awiri amene aliyense anawataya, okumana pabala masana. Hock weniweni anamwalira ndi Edzi mu 1994, ndipo kukumana kwawo komaliza mufilimumu kunandikumbutsa anthu anga amene ndinawaona akuwonda chimodzimodzi m'zaka zomwezo, ife tikungoti akudwaladwala. McCarthy ndi Grant onse anasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto za Oscar, pamodzi ndi alembi a filimuyi Nicole Holofcener ndi Jeff Whitty, ngakhale palibe anapambana.

Ndikubwereranso kwa mnzanu uja. Mawu akuti "kutamanda" ndikuwakana. Filimu yotamanda wakuba imakusiya ukusirira moyo wake. Palibe angaonere iyi n'kusirira Lee Israel. Amathera yekha, wataya mphaka, wataya mnzake, wataya ngakhale mayi wina wogulitsa mabuku amene anamuonetsa chikondi chenicheni, chifukwa sakanatha kumuyang'ana m'maso atamugulitsa zabodza. Chimene ndikuvomera n'chakuti filimuyi imamumvera chisoni kuposa momwe imamvera chisoni anthu amene anawalakwira. Ogwira ntchito m'malaibulale aja alibe nkhope, alibe dzina. Muonere mukudziwa zimenezo, ndipo muwaikemo nokha.

Ndiye yankho ndi ili, achemwali: onerani. Ndi ya ola limodzi ndi mphindi 46. Mulibe mfuti kapena kuthamangitsana, ndi yoyenda pang'onopang'ono, ya anthu olankhula. Muli kutukwana kwambiri ndi mowa, ndipo Israel ndi Hock onse ndi okonda amuna kapena akazi anzawo, filimuyo sibisa, choncho si yoonera ndi ana pabalaza. Yatsani mawu olembedwa pansi chifukwa Chingerezi chake n'chothamanga. Mayina a alembi akalewo musadandaule nawo, nkhani imamveka ngakhale musakuwadziwa.

Mwandiuza kumapeto kwa kalata yanu kuti nanunso mumalembalemba. Ngati ndi choncho muonere nokha, usiku, foni ili kutali.

Amalume aja anabwerako ku Joni atadwala, ndipo anamwalira ndili Fomu 3. M'sutikesi mwawo munapezeka kalata ija, yopindidwa mpaka kuthetheka m'mizere. Pano amaisunga ndi msuweni wanga, mwana wawo woyamba. Pa mwambo wa chiliza cha agogo anaitulutsa n'kuwerenga mzere uja wa galimoto pamaso pa abale onse, kuti timve mmene agogo ankakondera ana awo. Amayi anga analira. Ine ndinali nditakhala kumbuyo, pafupi ndi ophika, ndipo sindinanene kanthu. Mwezi wamawa ndikupita kumudzi, ndipo msuweni wangayo wandipempha kuti ndikaitayipe pakompyuta kalatayo isanatheretu.