Kutsogola pa kafukufuku si kutenga boma ku Britain

Achimwene, mwafunsa ngati chipani chimene chikutsogola pa kafukufuku wofunsa anthu amene adzamuvotere ku Britain ndiye kuti chatenga kale boma, komanso chimene ovota akumeneko amafuna. Ayi, sichinatenge, ndipo chifukwa chake chagona pa kawerengedwe ka mavoti.

Kumeneko palibe amene amavotera nduna yaikulu mwachindunji. Dziko lagawidwa m'madera 650, dera lililonse limasankha phungu mmodzi, ndipo woposa anzake ndiye wapambana, ngakhale atawaposa ndi voti imodzi. Ndi momwe timasankhira aphungu ku Malawi kuno. Za 50+1 zimene tinayamba pa chisankho cha pulezidenti mu 2020 kulibe. Chipani chofuna kulamula chokha chimafunika mipando 326. Kunena zoona nambalayi imatsikako pang'ono, poti aphungu a chipani cha Sinn Féin cha ku Northern Ireland sapita kukakhala m'nyumba ya malamulo ku Westminster, ndipo sipikala savota pokhapokha mbali ziwiri zikafanana.

Ndiye funso lenileni si lakuti chipani chili ndi mavoti angati, koma kuti mavotiwo ali kuti. Taonani za pa 4 July 2024. Labour ya Keir Starmer inapeza mavoti osafika 34 pa 100 alionse, koma inakolola mipando 411. Reform UK ya Nigel Farage inapeza mavoti oposa 4 miliyoni, pafupifupi 14 pa 100, mipando isanu basi. A Liberal Democrats mavoti awo anali ochepa kuposa a Reform, koma anatenga mipando 72, chifukwa anaunjika mphamvu zawo m'madera akumwera kwa England kumene amadziwa kuti angagwetse Conservative, chipani chimene chinkalamula nthawiyo. Reform inamwaza mavoti ake dziko lonse, n'kumathera pa nambala 2 m'madera ambirimbiri, ndipo kukhala wachiwiri kulibe mphoto. Chodabwitsa kwambiri n'chakuti Jeremy Corbyn, amene ankatsogolera Labour mu 2019, anapeza mavoti ambiri kuposa a Starmer mu 2024, koma Corbyn anatsala ndi mipando 202 yokha.

Kafukufuku naye amaphonya. Mu 2015 ofufuza ambiri ankati palibe chipani chidzalamule chokha, koma David Cameron wa Conservative anapambana. Mu 2017 nduna yaikulu Theresa May, wa Conservative, anaitanitsa chisankho nthawi isanakwane ali patsogolo ndi mapointi pafupifupi 20. Pofika tsiku lovota mpata unali utafota, anatsala ndi mipando yosakwanira, mpaka anakapempha thandizo kwa chipani cha DUP cha ku Northern Ireland. Ngakhale mu 2024, kafukufuku ankapatsa Labour mpata wa mapointi pafupifupi 20, koma m'mabokosi munatuluka 10. Zifukwa zake n'zodziwika: achinyamata amayankha kuti adzavota koma ambiri sapita, pamene okalamba salephera, ena amasankha sabata yomaliza, enanso amavotera amene sakumukonda n'cholinga chongogwetsa amene akudana naye kwambiri m'dera lawo. Mukafuna chithunzi choyandikira choona, fufuzani kafukufuku wa MRP, amene amayerekeza dera ndi dera, kenaka dikirani exit poll, kafukufuku wofunsa anthu amene angovota kumene, imene imalengezedwa 10 koloko usiku malo ovotera akangotsekedwa. Imeneyo mu 2024 inati Labour ipeza mipando 410.

Za zimene anthu amafuna, musazitenge patali. Ndi m'thumba, chipatala, ndi nkhani ya obwera. Mu October 2022 kukwera mitengo kwa zinthu kunafika 11.1 peresenti. Mwezi wapambuyo pake usanafike n'komwe, Liz Truss wa Conservative anali atachoka pampando wa nduna yaikulu, atangokhalapo masiku 49, ndondomeko yake yodula misonkho itakweza chiwongoladzanja cha ngongole za nyumba. Munthu amene ngongole ya nyumba yamukwerera ndi mapaundi mazana angapo pamwezi saiwala msanga, ndipo mu 2024 mayi Truss anataya ngakhale mpando wawo wa uphungu wa South West Norfolk. Ku NHS, zipatala za boma, mndandanda wa odikira chithandizo ku England unadutsa 7 miliyoni. Nkhani ya maboti ang'onoang'ono onyamula obwera owoloka nyanja ya English Channel ndiyo inachotsa ovota ambiri ku Conservative kupita ku Reform, Conservative n'kutsala ndi mipando 121, kugwa kumene sichinaonepo m'mbiri yake.

Ine ndikuona kuti phunziro lalikulu la 2024 ndi lakuti anthu anakana Conservative kuposa momwe anakondera Labour. Amene anavota anali pafupifupi 60 pa 100 okha a olembetsa. Chipambano chotere n'chotambalala koma n'chosazama: m'dera la Hendon ku London, Labour inapambana ndi kusiyana kwa mavoti 15 okha. Zipani zikakhala zinayi kapena zisanu zolimbirana, kusuntha kwa mapointi atatu kutha kusintha mipando yambirimbiri. Scotland nayo muziyang'ana payokha. Kumeneko chipani cha SNP chinatsika kuchoka pa mipando 48 kufika pa 9. Chisankho china chiyenera kuchitika pofika August 2029, koma nduna yaikulu itha kupempha mfumu kuti nyumba ya malamulo ithetsedwe nthawiyo isanakwane.

Kwa abale athu amene muli kumeneko: Amalawi ndi anzathu a ku Zambia ndi Mozambique, pokhala a Commonwealth, mumaloledwa kuvota ngati muli ndi chilolezo chokhala m'dzikomo ndipo mwakwanitsa zaka 18. Lembetsani pa webusaiti ya boma ya gov.uk, National Insurance number (nambala yanu ya pantchito ndi misonkho) ili pafupi. Kalembera amatsekedwa masiku 12 ogwira ntchito chisankho chisanachitike. Mukasamuka nyumba lembetsaninso, apa ndi pamene ambiri amagwa. Tsiku lovota, limene mwachizolowezi limakhala Lachinayi kuyambira 7 koloko m'mawa, tengani chiphaso chokhala ndi chithunzi. Pasipoti ya dziko la Commonwealth imaloledwa, koma ikhale yeniyeni, osati fotokope kapena chithunzi cha pafoni. Wopanda chiphaso apemphe chiphaso chovotera chotchedwa Voter Authority Certificate ku khonsolo yake nthawi ilipo, salipiritsa.