Musanakweze masipika m'galimoto: yankho kwa bandi yomwe ikuyamba ulendo

Achimwene, mwati bandi yanu ndi ya anthu asanu, mulibe kampani yojambulitsa nyimbo kapena manijala, ndipo mwapeza malo 6 okaimba pa masiku 10. Mukufunsa kuti mukonzekere bwanji kuti musabwerere ndi ngongole kapena mutadana. Mwachita bwino kufunsa musananyamuke. Kuimba mumakudziwa kale, ndipo pa tsiku kumatenga ola limodzi kapena awiri basi. Bandi imagwa m'maola otsalawo, pa nkhani za ndalama, galimoto, mawaya ndi tulo.

Yambani ndi pepala ndi cholembera. Phatikizani makilomita onse a ulendowo, kupita ndi kubwerera. Mwachitsanzo, ngati ndi makilomita 1,200 ndipo galimoto yanu imayenda makilomita 10 pa lita imodzi, mukufunika malita 120. Onjezerani ena 20 kapena 30, chifukwa galimoto yodzaza ndi zida imamwa mafuta ambiri, komanso mudzasochera ndi kuzungulira pofuna malo. Kenako lembani chakudya cha anthu asanu masiku onse 10, kuphatikizapo masiku 4 amene simukuimba, chifukwa masiku amenewo ndalama zimangotuluka osalowa. Wonjezerani malo ogona, ndi kandalama kapadera kokonzera galimoto komwe palibe wololedwa kukakhudza. Chiwerengero chomwe chatulukacho ndiye muyeso wanu. Ngati ndalama zomwe mwalonjezedwa motsimikizika sizikufikapo, chotsani malo akutali kwambiri kapena funani shoo ina yodzaza tsiku lopanda kanthu.

Tsopano pa mgwirizano ndi eni malo, pomwe pali misozi yambiri. Malipiro amabwera m'njira ziwiri: ndalama yokhazikika yomwe mulandire kaya kwabwera anthu 20 kapena 200, kapena kugawana za pakhomo. Kumalo kumene anthu sakukudziwani, limbikirani ndalama yokhazikika, ingakhale yochepa, ndipo theka lake alipiriretu musananyamuke. Mukavomera kugawana za pakhomo, funso lofunika ndi ili: tikugawana zonse zomwe zalowa, kapena zotsala akachotsa zolipira? Munthu akhoza kukuuzani kuti 70 pa 100 iliyonse ndi yanu, koma usiku n'kuyamba kuchotsa ya saundi, ya alonda, ya maposita ndi ya jenereta, inu n'kutsala ndi gawo lalikulu la kanthu kakang'ono. Zochotsedwazo azitchule zonse ndi mitengo yake tsiku lisanafike. Gwirizananinso chiwerengero cha olowa ulere. Ndipo pakhomo pakhale munthu wanu wowerenga aliyense wolowa, kuyambira chitseko chikatsegulidwa mpaka chikatsekedwa. Munthu ameneyu asakhale woimba, chifukwa anthu ambiri amalowa inu muli pa siteji.

Zonsezi zilembedwe. Sipafunika loya. Uthenga wa pa WhatsApp wotchula tsiku, nthawi yofika, nthawi yoyamba, utali wa kuimba, ndalama, dzina la amene akupatseni ndalamazo ndi nthawi yomwe akupatseni, winayo n'kuyankha kuti wavomera, ndi wokwanira kuthetsa mkangano wa pakati pausiku. Patatsala sabata imodzi imbani foni kutsimikiza, ndipo imbaninso kutatsala tsiku limodzi.

Mkati mwa bandi, ndalama zisungidwe ndi munthu mmodzi, ndipo kabuku kake kakhale poyera kuti aliyense aziona. Ndalama zikalowa, ya mafuta a ulendo wotsatira ichoke kaye, kenako aliyense alandire kofanana ka chakudya cha tsikulo. Zotsala mudzagawane mutafika kunyumba. Mukamagawana usiku uliwonse, tsiku la shoo yolephera lidzakupezani m'thumba la bandi mulibe kanthu, ndipo palibe amene amabweza mosangalala ndalama yomwe walandira kale.

Kumalo aliwonse tumiziranitu zinthu ziwiri. Choyamba ndi chojambula chosonyeza pomwe aliyense amaima pa siteji ndi pomwe akufuna magetsi. Chachiwiri ndi mndandanda wa zonse zolowa mu mikisa, makina osakanizira mawu a zida ndi a oimba: ng'oma yaikulu ya phazi, sineya, matomu, bezi, gitala, kiyibodi, ndi maikolofoni a oimba. Bandi ya anthu asanu imadya mosavuta matchanelo (malo olumikizirapo pa mikisa) 12 mpaka 16. Mukapeza kuti mikisa ya kumaloko ili ndi 8 okha, ndi bwino mudziwe muli kunyumba n'kusankhiratu zosiya. M'chipinda chaching'ono, ng'oma zimamveka zokha. Ikani maikolofoni pa ya phazi basi, matchanelo otsalawo apite kwa oimba.

Pochuna saundi tsatirani ndondomeko imodzi tsiku lililonse: ng'oma kaye, bezi, magitala, kiyibodi, mawu pomaliza, kenako nyimbo imodzi nonse pamodzi, yomwe ili yaphokoso kwambiri. Wina akamayesedwa, enanu khalani chete. Vuto lomwe limaononga saundi ya mabandi ambiri ndi ampulifaya ya gitala yokwera kwambiri pa siteji. Woimba samadzimva, amapempha kuti amukwezere monita (sipika ya pa siteji yomwe woimba amadzimverapo), monita ikakwera maikolofoni imatola mawu ake omwe n'kuwabwezanso, ndiye kulira kosokosa kuja kumayamba. Tsitsani ampulifaya, ikwezeni pampando kapena ipendeketseni kuti iloze m'makutu mwa woyiimbayo osati m'miyendo. Maikolofoni ngati Shure SM58 imatola pang'ono kwambiri kumbuyo kwake, choncho monita ikhale kutsogolo kwa woimba, moyang'anizana ndi mchira wa maikolofoni. Woimba asafumbate mutu wa maikolofoni ndi chikhatho, chifukwa akatseka timabowo take imayamba kutola mbali zonse ndipo kulirako kumabwera msanga.

Magetsi musawaseweretse. Poyatsa, yambani ndi mikisa ndi zida, maampulifaya a masipika pomaliza. Pozimitsa yambani ndi maampulifaya. Mukasemphanitsa, kuphulika kumene kumamveka kuja kumapita kumasipika ndipo kukhoza kuwaotcha. Pa jenereta, idikireni ilire bwino kaye musanalumikize kanthu, ndipo zulani zida zanu asanaizimitse. Mukamva kung'ung'udza kosalekeza m'masipika, kawirikawiri ndi chifukwa choti zida zolumikizana zatenga magetsi m'masoketi osiyana. Zitengereni pamalo amodzi, kapena dinani batani lolembedwa kuti ground lift pa DI box, kabokosi kolumikizira bezi kapena kiyibodi ku mikisa. Chomwe tikukupemphani ndi mtima wonse ndi chakuti musathyole kapena kumata phini ya earth pa pulagi kuti phokosolo lithe. Phini imeneyo ndi yomwe imateteza munthu amene wagwira nsambo za gitala milomo ili pa maikolofoni, ndipo oimba afapo pa siteji chifukwa cha magetsi otere. Wina akamva kunyerenyetsa pamilomo, imani pomwepo mpaka vutolo lipezeke.

Onaninso ma ohm, muyeso wa mmene sipika imakanira magetsi, olembedwa kumbuyo kwa ampulifaya. Masipika awiri a 8 ohm mukawalumikiza pamodzi kuchokera potulukira pamodzi amakhala 4 ohm; atatu amatsika kufika pafupifupi 2.7, ndipo ampulifaya yolembedwa kuti isatsike pansi pa 4 imatentha n'kudzizimitsa pakati pa nyimbo. Waya wa gitala musaugwiritse ntchito polumikiza ampulifaya ndi sipika, ngakhale mapulagi ake akufanana: kawaya ka mkati mwake n'kakang'ono, sikanapangidwire mphamvu yotero. Ampulifaya ya mavalavu (timachubu tagalasi ta mkati mwake) isayatsidwe sipika isanalumikizidwe, chifukwa thiransifoma yake ikhoza kupsa.

Bokosi la zapadera likhale limodzi, ndipo onse adziwe pomwe lili. Muikemo mapaketi awiri a nsambo pa gitala iliyonse, paketi imodzi ya bezi, timitengo ta ng'oma tosachepera mapeyala 4, chikopa chapadera cha sineya, kiyi wochunira ng'oma, mawaya a maikolofoni (XLR) atatu, mawaya a gitala awiri, mabatire a 9V, mafyuzi ofanana ndi a ampulifaya yanu, tepi yolimba, ekisitenshoni yaitali, tochi, sikuludilaiva ndi pulayazi. Nsambo zatsopano zikokeni pang'ono ndi chala mukaziika, apo ayi zidzatsika pa nyimbo yoyamba. Mawaya anu onse amangeni tepi ya mtundu umodzi, chifukwa popakira mumdima mawaya onse amafanana.

Galimoto ipite kwa makaniko sabata imodzi ulendo usanayambe: matayala ndi la sipeya lomwe, mabuleki, oyilo, madzi, lamba wa injini, nyali. Popakira, zolemera zikhale pansi ndiponso kutsogolo kwa matayala akumbuyo, zomangidwa ndi malamba kuti zisawulukire anthu mukamanga buleki mwadzidzidzi. Mukapeza kapakidwe kokwana bwino, kajambuleni pafoni ndipo muzitsata komweko; mpata ukatsala, mudziwa nthawi yomweyo kuti china chatsala pa siteji. Magitala asatsale m'galimoto yotsekedwa padzuwa, kutentha kumafewetsa guluu ndi kupinda khosi. Usiku, imikani galimoto chitseko chakumbuyo chitagunda khoma, ndipo magitala, kiyibodi ndi laputopu zilowe nanu m'chipinda. Jambuliranitu nambala ya chida chilichonse, chifukwa popanda nambalayo n'kovuta kutsimikiza kuti chopezekacho ndi chanu. Popakira ndi potsitsa, munthu mmodzi asachoke pagalimoto.

Pali chinthu chimodzi chomwe sitigonjerapo: kuyendetsa usiku mukangomaliza shoo. Thupi limakhala lotentha ndi chisangalalo, munthu amadziona ngati ali maso, koma pakatha ola limodzi pamsewu wa zii tulo timagwira mosachenjeza. Gonani komweko, munyamuke m'mawa. Ngati palibiretu kuchitira mwina, woyendetsa akhale amene sanamwe mowa ndipo anagonako masana, pambali pake pakhale wina wosagona, ndipo muziima maola awiri aliwonse. Pokonza ndondomeko, tsiku la shoo lisakhale ndi maola oyenda opitirira 4 kapena 5.

Samalaninso makutu ndi mawu. Akatswiri a zaumoyo wa pantchito amati phokoso la madesibelo (muyeso wa kukula kwa phokoso) 85 munthu asakhalemo kupitirira maola 8, ndipo likakwera ndi 3 nthawiyo imatsika ndi theka. Pafupi ndi ng'oma limafika 100, pomwe malire ake ndi mphindi 15 zokha. Gulani zotseka m'makutu za oimba, zomwe zimatsitsa phokoso osabisa nyimbo. Makutu akamalira mukagona, ndiye kuti avulala kale. Woimba wamkulu azimwa madzi tsiku lonse, azikonzekeretsa mawu poimba motsitsa mphindi 10 asanakwere, ndipo akatsika asamakuwe pocheza pafupi ndi masipika, chifukwa mawu ambiri amathera pamenepo osati pa siteji. Konzekeranitu nyimbo zitatu zomwe wina mu bandi angatsogolere tsiku lomwe mawu ake asasa.

Mukafika pamalo, dziwani dzina la wa saundi ndipo mumulemekeze, chifukwa zomwe anthu amve zili m'manja mwake. Musapitirire nthawi yomwe mwapatsidwa, ndipo mukamaliza chotsani zida pa siteji musanayambe kupereka moni. Pafupi ndi khomo ikani tebulo la malaya a bandi ndi pepala lomwe anthu angalembepo nambala zawo, kuti ulendo wotsatira mudzawauze nokha tsiku lobwera. Titumizireni mndandanda wa malo 6 aja ndi makilomita a pakati pake, tikuthandizeni kuona ngati masiku opumawo ali pamalo oyenera.